Ndikufuna kudzakhala nurse practitioner kunja, ndiyambire sukulu iti kuno ku Joni?

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 24, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala ku Cosmo City. Ndinabwera kuno zaka zitatu zapitazo ndipo ndimalera ana pa banja lina ku Fourways. MSCE ndinakhoza bwino, Biology ndi Masamu ndili ndi ma credit. Mtima wanga uli pa unamwino. Ndikufuna tsiku lina ndidzakagwire ntchito ku UK kapena ku America ngati nurse practitioner, poti ndamva kuti iwowa amapima odwala n'kulemba mankhwala okha. M'tauni muno muli koleji ina yomwe ikuti ndikhoza kumaliza m'miyezi 6 ndipo adzandipezera ntchito kunja. Ndasunga kandalama pang'ono. Ndilipire? Ngati ayi, ndipite sukulu iti?

Yankho: Achemwali, ndalama imeneyo musalipire. Ndayambira pamenepa chifukwa ndi zimene zandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu. M'dziko la South Africa mulibe maphunziro a unamwino a miyezi 6. Aafupi kwambiri amatenga chaka chathunthu, ndipo amenewo ndi a wothandizira anamwino. Chomwe makoleji a m'nyumba zosanja za m'tauni amagulitsa ndi kosi yosamalira odwala ndi okalamba pakhomo. Ntchito imeneyo ndi yolemekezeka, ine sindiyinyoza, koma si unamwino, ndipo palibe bungwe la anamwino padziko lapansi lomwe lingakulembeni m'kaundula wake ndi pepala limenelo. Ine ndine namwino, ndipo ndakhala ndikulandira atsikana athu pa kiliniki yomwe ndimagwira ntchito, atavala yunifomu yoyera bwino, satifiketi ili m'pulasitiki, akufunsa ntchito. Kuwauza kuti ndalama zomwe anasunga zaka ziwiri zapita pachabe ndi chinthu chomwe sindinachizolowere mpaka lero. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yodziwira sukulu yeniyeni ndi yosavuta ndipo siifuna ndalama. Bungwe loyang'anira anamwino kuno ndi South African Nursing Council, timangoti SANC, ndipo likulu lake lili ku Pretoria. Pa tsamba lawo la pa intaneti pali mndandanda wa sukulu zovomerezeka. Mukautsegula musangoyang'ana dzina la sukulu lokha. Onani ngati kampasi yomwe mukufuna kupitako yalembedwa, komanso ngati kosi yeniyeniyo yalembedwa pansi pa dzinalo, chifukwa sukulu ikhoza kuloledwa kuphunzitsa kosi imodzi n'kumalengeza zitatu. Koleji yomwe si ya boma iyeneranso kukhala yolembetsedwa ku unduna wa maphunziro apamwamba, ndipo kosi yake ivomerezedwe ndi Council on Higher Education. Akakuonetsani pepala la SETA, mabungwe oyang'anira maphunziro a luso la ntchito, n'kunena kuti ndi chimodzimodzi, dziwani kuti si chimodzimodzi. Chinanso, wophunzira aliyense wa unamwino amalembetsedwa ku SANC akangoyamba sukulu. Afunseni kuti, "Kodi mudzandilembetsa ku SANC ngati wophunzira?" Akayamba kuzungulira, nyamukani.

Tsopano tikambe za nurse practitioner, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Imeneyi si kosi yomwe munthu amayambira. Ndi udindo womwe namwino amafikapo atakhala kale namwino wolembetsedwa, atagwira ntchito, kenako n'kubwereranso m'kalasi. Unayambira ku America mu 1965, pa University of Colorado, pamene namwino Loretta Ford ndi dokotala wa ana Henry Silver anaona kuti ana a kumidzi akusowa wowaona, n'kuyamba kuphunzitsa anamwino kupima ndi kupereka chithandizo. Lero ku America, kuti munthu atchedwe dzina limeneli, amayamba wakhoza mayeso a NCLEX-RN n'kukhala ndi chiphaso cha unamwino cha chigawo chomwe akukhala. Akatero amachita digiri yachiwiri ya masters kapena ya udokotala wa unamwino, n'kulembanso mayeso ena a bungwe la dziko lonse pa nthambi yomwe wasankha, kaya ya mabanja, ya ana, kapena ya matenda a maganizo. Ku UK anthu amayamba pa mlingo wa malipiro wotchedwa Band 5 ngati namwino wa mu wodi, ndipo amene akufuna kukwera amachita masters ya advanced clinical practice pamodzi ndi kosi yowalola kulemba mankhwala, nthawi zambiri akugwira ntchito ndipo owalemba ntchito akuthandiza fizi. Ku Australia amafuna masters komanso maola 5,000 a ntchito ya unamwino wapamwamba.

Mukaona zonsezi, mfundo ndi imodzi: udindo umenewu mudzakautengera m'dziko lomwe mukupitalo. Palibe amene amakwera ndege pa OR Tambo ali nurse practitioner wa ku America. Amene amakwera ndege ndi namwino wolembetsedwa, yemwe mapepala ake angathe kutsimikizidwa. Choncho funso lanu lenileni ndi lakuti, ndi sukulu iti ingandipange kukhala namwino wotere?

Ndipatuke pang'ono, poti ntchito yomwe mukuilakalakayo ndi yomwe ine ndimagwira tsiku ndi tsiku. Kuno ku South Africa makiliniki ambiri a boma amayendetsedwa ndi masisitala. Namwino amene anawonjezera maphunziro a chithandizo choyambirira amatchedwa clinical nurse practitioner, ndipo gawo 56(6) la lamulo la unamwino la 2005 limalola kuti apatsidwe chilolezo chopima, kupeza matenda ndi kulemba mankhwala pamene dokotala palibe. Kuyambira 2010 anamwino ndi amene akhala akuyambitsa anthu ambirimbiri ma ARV. M'mawa umodzi ndimatha kuona mayi wa BP, mwana wotsegula m'mimba, bambo wotsokomola yemwe ndikumukayikira TB, ndi mtsikana wodzatenga njira yolera. Kwathu ku Malawi ntchito yotere imagwera kwambiri ma clinical officer ndi ma medical assistant, n'chifukwa chake dzinali limamveka lachilendo. Ndi ntchito yokoma, koma yolemera, chifukwa ukalakwitsa palibe wina kumbuyo kwako woti akonze. Dziwaninso kuti dzina la kunoli silisamuka. Sisitala wa pa kiliniki ya ku Alexandra akapita ku Texas amakayambira pa unamwino wamba, ngakhale akhale ndi zaka 15 akulemba mankhwala.

Maphunziro oyambira kuno alipo atatu, ndipo anthu amawatchula ndi manambala a malamulo ake. R169 ndi satifiketi ya chaka chimodzi ya wothandizira anamwino. R171 ndi dipuloma ya zaka zitatu, yomwe imatulutsa namwino wamba. R174 ndi digiri ya zaka zinayi, yomwe imatulutsa namwino yemwenso ndi mzamba. Makosi akale, monga R425 ndi ya enrolled nurse ya zaka ziwiri, anasiya kulandira ophunzira atsopano kumapeto kwa 2019, ndiye wina akamakuitanirani amenewo lero, pali chinyengo.

Pa atatuwa, kwa munthu wa maloto ngati anu, ine ndikuti digiri. Chifukwa choyamba n'choonekeratu, masters imafuna digiri pansi pake. Chachiwiri ndi chomwe anthu sachidziwa mpaka atagundika nacho. Mabungwe a kunja samangoona satifiketi. Amaitanitsa kuchokera ku sukulu yanu chikalata cha maola: maola angati m'kalasi, maola angati mu wodi, phunziro ndi phunziro. A ku America, kudzera ku bungwe lotsimikiza mapepala la TruMerit, lomwe kale linkatchedwa CGFNS, amafuna kuona kuti munaphunzira ndi kugwira ntchito pa odwala akuluakulu, pa amayi oyembekezera ndi makanda, pa ana, komanso pa odwala matenda a maganizo. Mbali imodzi ikaperewera, mapepala amaima. Dipuloma ya R171 ilibe uzamba, umachita kuwonjezera pambuyo ndi chaka china. Digiri imakutengerani m'mawodi onsewa kamodzi.

Nkhani ya maolayi ndinaimva kuwawa ndekha. Pamene ndinkalembetsa kuno ndi mapepala a kwathu, chikalata changa chinabwera chitalumikiza maola a ana ndi a akuluakulu pamzere umodzi. Chinabwezedwa. Ndinadikira miyezi yambiri, ndikuimba foni ndi kutuma achibale, mpaka munthu wina wachifundo anafukula mabuku akale n'kulemba bwino. Kuyambira pamenepo ophunzira anga onse ndimawauza kuti buku lolembamo ntchito za mu wodi alisunge ngati pasipoti, tsamba lililonse lisainidwe tsiku lomwelo, ndipo alijambule. Posankha sukulu, funsaninso ngati ili ndi ofesi yomwe imayankha makalata a mabungwe a kunja. Sukulu yomwe ingadzatsekedwe zaka zisanu zikubwerazi idzapita ndi maola anu.

Kuno ku Johannesburg digiri imapezeka ku Wits, pa kampasi ya zaumoyo ku Parktown, ndi ku University of Johannesburg ku Doornfontein. Ophunzira amazungulira zipatala zazikulu ngati Charlotte Maxeke, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Chris Hani Baragwanath, komwe munthu amaona matenda a mtundu uliwonse. Boma la Gauteng lili ndi koleji yake, Gauteng College of Nursing, yomwe makampasi ake ena ndi Ann Latsky ku Auckland Park ndi ya pa Baragwanath. Makampani a zipatala monga Netcare, Life Healthcare ndi Mediclinic alinso ndi sukulu zawo za unamwino. Mayina ndi amenewo. Koma ndikanakhala wosakhulupirika ndikanangokupatsani mayina n'kusiyira pomwepo, chifukwa kwa Mmalawi vuto silikhala kusankha dzina. Vuto ndi mapepala.

Simunandiuze kuti m'pasipoti mwanu muli pemiti yanji. Kuti muphunzire kuno mufunika study visa, pokhapokha ngati muli ndi chilolezo chokhazikika kapena mapepala a othawa kwawo. Munthu amene analowa ngati mlendo sangasinthire visa ali m'dziko muno, amayenera kubwerera n'kukapempha ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Ngati masiku anu anatha kalekale, potuluka pa chipata akhoza kukudindani kuti musalowenso, ndipo kwa amene anapyola masiku 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Ndikudziwa kuti ambiri a ife tili m'gulu limeneli, sindikukuweruzani. Ndikungofuna kuti muziwerengere izi musanawononge ndalama pa mafomu. Ndipo chonde musagule pemiti kwa madobadoba. Unamwino ndi ntchito yomwe mbiri yako imafufuzidwa dziko lililonse lomwe wapita, ndipo pepala limodzi labodza limatseka zitseko zonse.

Study visa imafunanso kalata ya sukulu, umboni wa ndalama, ndi medical aid yolembetsedwa kuno. Imakulolani kugwira ganyu osapitirira maola 20 pa sabata, koma kunena zoona wophunzira unamwino alibe maola amenewo. Mukayamba mawodi mumalowa 7 koloko m'mawa n'kutuluka 7 koloko madzulo, nthawi zina usiku. Ntchito ya ku Fourways simungaiphatikize ndi sukulu imeneyi. Fizi kwa ife a m'maiko a SADC imakhala yofanana ndi ya eni dziko, koma pamakhala ndalama ina yowonjezera ya ophunzira akunja, ndipo gawo lalikulu amafuna lilipiridwe musanalembetse. NSFAS, thumba la boma lothandiza ophunzira osowa fizi, sithandiza munthu wa study visa. Malo a ku koleji ya boma, omwe anthu amawakonda chifukwa boma limathandiza ophunzira, amalengezedwa kwa nzika za dziko lino.

Kenako MSCE. Mayunivesite a kuno amaiona ngati O-level, ndipo payokha nthawi zambiri siikwana kulowera digiri. Amene amagamula ndi Matriculation Board ya bungwe la Universities South Africa, lomwe limapereka chikalata chovomereza kuti munthu akhoza kuchita digiri. Apa msinkhu wanu ukhoza kukuthandizani, chifukwa pali khomo la anthu amene akwanitsa zaka 23, lomwe limayang'ana maphunziro omwe munakhoza. Ngakhale mutachipeza chikalatacho, dipatimenti ya unamwino imakhala ndi zofuna zake, ndipo ofuna malo ndi ochuluka kuposa malo. Ku Wits maphunziro a zaumoyo amatseka kulandira mafomu pa 30 June. Pa dipuloma, makoleji amafuna kuti MSCE yanu iyambe yapimidwa ndi SAQA, bungwe lopima masatifiketi a kunja.

Chomaliza pa mapepala ndi chomwe chimapweteka kwambiri. Kumaliza sukulu kuno sikutanthauza kuti mwapeza ntchito kuno. Mlendo amafunika kalata yovomereza kuchokera ku ofesi ya Foreign Workforce Management ya unduna wa zaumoyo, ndipo ndondomeko ya boma ndi yosalemba ntchito anthu azaumoyo ochokera m'maiko osauka, makamaka oyandikana nawo. Mukhoza kukhala ndi digiri ya ku Wits n'kusowa wodi yogwiramo, pamene olemba ntchito a kunja amafuna munthu amene manja ake sanazizire.

N'chifukwa chake ndikupemphani kuti muganizire mozama zobwerera kukaphunzira kwathu. Ndikudziwa kuti kwa munthu amene ali kale ku Joni mawu amenewa amamveka ngati kubwerera m'mbuyo. Koma taonani. MSCE yanu kumeneko ndi chiphaso chokwanira, simufuna visa, ndipo ndalama yomwe mwasunga m'ma rand ikhoza kuyenda mtunda wautali kuposa kuno. Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, imapereka digiri ya unamwino ndi uzamba ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mzuzu University nayonso ili ndi digiri yotere. Ophunzira amadutsa ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku chipatala cha amisala ku Zomba, ndiponso m'zipatala za m'maboma komwe wophunzira amachiritsa amayi ambiri ndi manja ake. Mukamaliza mumalemba mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi n'kulowa m'kaundula. Anamwino ophunzira kwathu alipo ambiri m'zipatala za ku UK, ndipo sachita manyazi ndi ntchito yawo.

Chenjezo lili pa makoleji a CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, Mulanje Mission, St Luke's ndi ena. Ndi sukulu zabwino, zasula anthu amene anyamula zipatala za kumidzi kwa zaka zambiri. Koma kosi yomwe ambiri amadziwika nayo ndi ya Nurse Midwife Technician, ndipo technician si registered nurse. Mabungwe a kunja funso lawo loyamba ndi lakuti, kodi kwanu unalembetsedwa pa mlingo uti? Mukalowera khomo limeneli, dziwiranitu kuti mudzafunika kubwereranso kusukulu kukakweza. Ena amatero ndipo zimatheka, koma ndi zaka zina zowonjezera. Choncho pa fomu iliyonse, kaya kuno kaya kwathu, funsani dzina la kaundula yemwe mudzalowemo mukamaliza.

Vuto la kwathu ndi lakuti boma limachedwa kulemba anamwino ntchito, ena amakhala pakhomo atamaliza. Zimenezo n'zoona, ndipo muzikonzekere. Ganyu ya m'zipatala za mishoni, za anthu wamba ndi za mabungwe imawerengedwa ngati ntchito, bola ikhale ndi kalata.

Pali chinthu chinanso choti mudziwe pa za ku UK. Malawi ili pa mndandanda wa World Health Organization wa 2023, wa maiko 55 omwe ali ndi anthu azaumoyo ochepa kwambiri, ndipo UK imaletsa olemba ntchito ndi ma ajenti kukakopa anamwino m'maiko amenewa. Izi sizikuletsani inuyo kupempha ntchito panokha, mwachindunji ku chipatala chomwe chalengeza malo. Chomwe zikutanthauza n'chakuti ajenti amene akukulonjezani ntchito ya unamwino ku UK muli ku Malawi, n'kumafuna ndalama, akuswa malamulo a dziko lomwe akuti akutumizaniko. Ine maganizo anga ndi akuti munthu amene waphunzira pa odwala a kwathu ayambe wawatumikira zaka zingapo asanapite. Zimamuthandiza iye mwini, chifukwa luso limakhwima, komanso ndi ngongole yomwe tili nayo kwa amayi amene anatilola kuphunzirira pa matupi awo.

Ikadzafika nthawi, mayeso a ku UK ndi awiri: a pa kompyuta otchedwa CBT, omwe mukhoza kulemba musananyamuke, ndi a manja otchedwa OSCE, omwe amalembedwera komweko. Chingerezi ndi chomwe chimagwetsa ambiri. Pa mayeso a Chingerezi a IELTS amafuna 7 pa kumva, kuwerenga ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pa ena otchedwa OET amafuna B, ndi C+ pa kulemba. Ndaona masisitala odziwa ntchito akulephera kawiri katatu pa kulemba pokha. Inuyo muli ndi mwayi, mukukhala pa banja lolankhula Chingerezi tsiku lonse. Yambani lero kuwerenga nyuzipepala ndi kulemba tsamba limodzi tsiku lililonse. Za ku America, NCLEX imalembedwa kuno ku South Africa, koma visa kwa Amalawi yavuta kuyambira 2025, ndiye musamange mapulani anu onse pa dziko limenelo.

Mwina wina akuuzani kuti njira yachidule ndi kupita ku UK ngati wosamalira okalamba kenako n'kukasintha. Khomo limenelo latsekeka. Kuyambira March 2024 ogwira ntchitoyi saloledwa kutenga mabanja awo, ndipo mu July 2025 boma la UK linasiya kulandira atsopano ochokera kunja. Koleji ya miyezi 6 ija ikulonjeza ntchito yomwe kulibe.

Tiwerengere zaka, kuti mulowe ndi maso otsegula. Chaka chimodzi chokonza mapepala ndi kupempha malo, zinayi za digiri, ziwiri kapena zitatu mu wodi, chimodzi kapena ziwiri za mayeso ndi visa, ziwiri zozolowera dziko latsopano, kenako ziwiri kapena zitatu za masters. Mudzakhala muli chakumapeto kwa zaka za m'ma 30. Ine sindikuona kuti ndi mochedwa. Mudzakhala ndi zaka zoposa 20 zogwira ntchitoyo, ndipo zikadzatha zaka zisanu mudzakhala muli namwino kale, mukulandira malipiro a namwino.

Mwezi uno chitani izi. Kandalama kaja kasiyeni komwe kali. Tumani wachibale akupezereni satifiketi yeniyeni ya MSCE ngati ili kumudzi, lemberani a Matriculation Board kuti akuuzeni pomwe mwaima, ndipo onani nthawi yomwe National Council for Higher Education kwathu ikulandira mafomu komanso ngati MSCE ya chaka chanu ikuloledwa pa kasankhidwe kameneko. Mukapeza mayankho awiriwa ndilembereninso, mundiuzenso pemiti yomwe ili m'pasipoti mwanu. Pamenepo tidzaona limodzi ngati ulendo wanu ukuyambira ku Doornfontein kapena pa basi ya pa Park Station.